Mafunso a sola ndi nyali za asodzi pa mkumano wa okonza mafoni, tiziwalola kapena ayi?

Mlembi wa pa Kamuzu Road

Akuluakulu ndi anzanga nonse okonza mafoni, ndabwera ndi nkhani yomwe yatizunguza mutu kuno ku Salima, mwina ena munakumana nayo kale kwanuko mutigawireko nzeru. Tili ndi kagulu kathu ka amisiri a mafoni, ena ali ndi mashopu pa Kamuzu Road, ena mumsika, ena amachokera ku Senga Bay, Chipoka ndi Khombedza, ndipo timakumana Lamulungu loyamba la mwezi masana anthu akaweruka kokapemphera. Pomwe tinkayamba cholinga chinali chimodzi basi, aliyense abwere ndi foni yomwe yamukanika, tiyike pa tebulo, tiyeze ndi multimeter (mita yoyezera moto), wodziwa aphunzitse mnzake. Zinkayenda bho ndithu, ambiri a ife kuchotsa IC (kachipu ka pa bodi ya foni) ndi blower (chida chouzira mpweya wotentha) osawotcha tinthu toyandikana nayo tinaphunzirira pomwepo.

Koma pano zasintha. Mwezi wathawu mafoni tinangowakhudza kumapeto anthu akuyang'ana kale za kabaza wobwerera. Woyamba kuyankhula anabwera ndi funso la batire ya sola ya kasitomala wake yomwe ikumatha moto 9 koloko usiku isanakwane, wachiwiri inveta yake (chida chosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa ESCOM) ikungolira komanso kutentha, mnyamata wa ku Senga Bay anatulutsa mababu a kauni (usodzi wa usiku wokopa usipa ndi nyali) mu jumbo kuti timuuze chifukwa chake akumapsa msanga, kenako wina anafunsa mmene angabwezere ndalama zomwe anatumiza pa nambala yolakwika, mpaka wina kufunsa kuti usipa ukugulidwa bwanji ku doko masiku ano kkkk. Panali foni ya Tecno yomwe mnzathu wa ku Chipoka anabwera nayo, ikuyaka koma sikirini mdima, anabwerera nayo osaitsegula nkomwe. Anachoka atakwiya ndipo sindikumunena, transipoti yochokera ku Chipoka kupita ndi kubwera si yamasewera.

Ndiye gulu lagawanika pawiri. Ena akuti tilembe lamulo, funso lililonse lomwe si la foni lisamaloledwe, amene akufuna za sola akayambe gulu lawo. Ena akuti ayi, tonse ndife anthu a mawaya omwewo, ndipo kasitomala akabwera pa shopu sasankha, kwa iye amene amakonza foni ndiye kuti amadziwanso sola, wailesi, tochi, zonse. Ine andipatsa ntchito yolemba malamulowo kuti tikawerenge pa mkumano ukubwerawu koma pepala likadali loyera chifukwa mbali zonse ndikuzimva. Ineyo pandekha ndimapendekera koti tizilola, kungoti ndikakumbukira nkhope ya mnzathu wa ku Chipoka uja ndimabwereranso mmbuyo.

Inu kwanuko mumatani? Malire mumawaika pati?

Madala a Blower

A mlembi, ine ndiyankha mosabisa mawu ngakhale mukudziwa kale mbali yanga poti tonse timakhala pa benchi imodzi. Lembani lamulolo, ndipo likhale lolimba.

Anthu akuiwala kuti nthawi yomwe timakhala pamodzi ndi yochepa, maola awiri pa mwezi wathunthu. Foni yovuta zenizeni, ija yoti yafa osadziwika chomwe chaipha, imafuna mphindi makumi atatu kapena kuposa, utsegule, uchotse zotchinga, uyeze mzere wa batire ngati pali short, ufufuze kachinthu komwe kakutentha, ena akuonerera akufunsa. Ntchito imeneyi siyitheka pamene mbali inayo anthu akukangana za panelo. Ndipo chomwe chimachitika ndi ichi, funso losavuta aliyense amakhala ndi yankho lake ndiye limadya nthawi yambiri, pomwe funso lovuta odziwa amakhala awiri kapena mmodzi ndiye limafera pakamwa. Za sola aliyense ndi katswiri chifukwa aliyense ali ndi kapanelo pa denga. Za bodi ya foni ndi angati?

Chachiwiri, anthu odziwa ntchito amatopa msanga. Munthu watseka shopu, wasiya makasitomala, wabwera kuti aphunzire kapena aphunzitse, akapeza nkhani ndi ya mtengo wa usipa mwezi wotsatira sabweranso, ndipo sakuuzani kuti wasiya, mumangoona mpando wake ulibe munthu. Otsala amakhala omwe akufunsa okhaokha popanda woyankha. Ndaona magulu akutha chonchi, osati chifukwa cha ndewu ayi, kungozilala.

Komanso musaiwale mmene masipeya akwerera. Chigwetsereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 sikirini imodzi ukaiphwanya poika ndiye kuti phindu la sabata lapita, ndipo uyenera kudikira ina ichoke ku Lilongwe. Anyamata atsopanowa akufunika kuphunzira kugwira bwino ntchito yawoyawo kaye, kutsegula foni osang'amba lamba wa fingerprint, kuwotcherera pochajira osasungunula pulasitiki. Zimenezi sanazidziwe koma akufuna kale kukhala amisiri a sola. Munthu wodziwa pang'ono za china chilichonse ndi amene amawotcha katundu wa anthu.

Sindikuti mafunso enawo ndi opusa. Ndikuti ali ndi malo ake. Ku Senga Bay kuli Salima Technical College, kuli aphunzitsi a zamagetsi, mtauni muno muli anthu omwe ntchito yawo ndi sola yokhayokha. Akafunse kumeneko.

Chemwali wa pa Benga

Madala ndakumvani ndipo pa nkhani ya usipa ndi ndalama zotumiza molakwika ndili nanu, zimenezo zikakambidwe panja mkumano ukatha. Koma pa sola pokha ndikupemphani muganizenso, chifukwa kwa ife a kumidzi kuno funso la sola NDI funso la foni, kungoti labwera litavala malaya ena.

Ine shopu yanga ili mbali ya msewu wa M5 ndipo makasitomala anga ambiri kwawo kulibe magetsi a ESCOM. Inde ku Salima kuli sola yaikulu ija ya kampani ya JCM ya 60 megawatts yomwe inayamba mu 2021, ndipo kuno ku Nkhotakota kulinso ina, koma moto wake umalowa mu gridi ya dziko lonse, munthu wa kumudzi amangoona mapanelo akunyezimira iye nkumakachajitsa foni pa kabatire ka pa grosale. Ngakhale a mtauni, chichitikireni za namondwe Ana mu January 2022 pomwe siteshoni yopangira magetsi ya Kapichira inawonongeka dziko nkutaya pafupifupi 130 megawatts, ambiri anagula timapanelo ndi mainveta otchipa ndipo mpaka pano akugwiritsabe ntchito. Ndiye mafoni omwe amafika pa tebulo langa ambiri amadya moto wa sola tsiku ndi tsiku.

Tsono taonani zomwe zimachitika. Panelo ija timaitcha ya 12V siyitulutsa 12V ayi, ikakhala padzuwa yopanda cholumikiza muyeze nokha mupeza 20V kapena kuposerapo pang'ono. Foni pa USB imafuna 5V. Munthu pofuna kupulumutsa ndalama amagula panelo yokha, osagula kontirola (kachida kowongolera moto wochokera ku panelo), nthawi zina osagula ngakhale batire, amatenga kachaja kaja ka mgalimoto nkukalumikiza ku mawaya a panelo mwachindunji. Mtambo ukadutsa moto umatsika, dzuwa likatuluka umakwera mwadzidzidzi, kachajako kakatopa kamangolola moto wonse kudutsa kupita ku foni. Foni imabwera kwa ine siyikuchaja. Ndisinthe pochajira, mwina ndisinthe IC yochajira, ndiyese pa shopu ikuchaja bwinobwino, mwini wake alipire apite. Sabata ziwiri wabweranso, nkhope yakwinya, akuti chemwali munandiikira chinthu chachabechabe. Ndikonzenso ulere poopa kutaya dzina. Vuto silili mu foni, lili pa denga la nyumba yake, ndipo ngati ine sindidziwa kumufunsa kuti mumachajira pa chani, ndizingokonza foni yomweyo mpaka chaka chithe.

Inveta yolira ija a mlembi anena nayonso ndi nkhani yathu. Mainveta otchipawa satulutsa moto wosalala ngati wa ESCOM, ndi aja amati modified sine wave, chaja imatentha, ina imalira, ndipo foni ikakhala pa chaja yachabe touch imayamba kudzidina yokha. Kasitomala amabwera akuti touch yafa ndisinthireni sikirini. Mmisiri wosadziwa asintha sikirini yabwinobwino, ndi mtengo womwe madala mwanenawu. Wodziwa amangoti tachotsani pa chaja tione, basi foni ili bwino, vuto ndi chaja kapena inveta.

Ndipo ambiri a ife timachajitsanso mafoni pa shopu, ndi bizinesi yomwe imatigulira ndiwo tsiku lomwe kulibe zokonza. Batire ya 100Ah pa 12V ndi 1200Wh pa pepala (100 kuchulukitsa ndi 12, ndiwo moto wonse womwe imasunga), koma ya asidi ija sufunika kuimwa kupitirira theka ngati ukufuna ikhalitse, ndiye zako zenizeni ndi 600. Foni ya 5000mAh imadya pafupifupi 19Wh. Mukachotsa zomwe zimatayika mu inveta ndi mu chaja mupeza kuti mafoni makumi awiri ndi kanthu ndiye malire, osati makumi asanu omwe anthu amadzaza pa extension. Amene anafunsa za batire yotha moto 9 koloko isanakwane uja mwina yankho lake linali lomweli, kapena anamugulitsa batire ya galimoto, yomwe inapangidwa kuti ilize injini kamphindi kochepa osati kuyatsa nyumba usiku wonse. Kuyankha zimenezi ndi mphindi zisanu kwa munthu wodziwa. Chinadya nthawi yanu si funsolo, ndi anthu khumi kuyankhira pamodzi aliyense zake.

Kabaza Tech

kkkkk amene anafunsa za usipa uja ndikumudziwa ndipo sanalakwe, mwera unali utavuta sabata imeneyo usipa unasowa, munthu amafuna adziwe ngati makasitomala ake a ku doko akhale ndi ndalama yowombolera mafoni awo. Imeneyonso ndi market research madala

Siginala Wakale

Ine ndisanayambe kugwira screwdriver ndinali pa nyanja, ndakhala pa bwato la nyali zaka zingapo kuno ku Nkhotakota, ndiye nkhani ya mababu a kauni ilekeni ndiyankhepo.

Kwa amene simudziwa, kauni ndi usodzi wa usiku, siginala amakhala pa kabwato kake ndi nyali kukopa usipa kuti usonkhane, kenako anzake amazungulira ndi ukonde wa chilimira. Kale tinkagwiritsa ntchito nyali za parafini zopopa zija, pano pafupifupi aliyense ndi mababu a LED ndi batire ya 12V. Kusinthaku kunabwera mwachangu ndipo palibe anawaphunzitsa asodzi za magetsi. Ndiye babu ikapsa kapena batire ikafooka amapita kwa ndani? Pa doko palibe shopu ya sola, palibe mphunzitsi wa ku technical, pali mnyamata wokonza mafoni ndi soldering iron yake basi. Madala mukuti akafunse ku Senga Bay ku koleji, msodzi wafika mmawa ali ndi tulo, madzulo abwereranso pa madzi, mwezi ukadali mdima ndipo masiku a mdima ndi omwe amapha nsomba, mwezi ukawala kauni sayenda bwino. Sangadikire. Mnyamata wa pa doko uja akana kumuthandiza ndiye kuti foni yakenso sadzabwera nayo.

Mavuto ake ndi omwewo chemwali anenawa. Tiyerekeze mababu anayi a 10W, ndi 40W, kuyaka maola asanu ndi atatu ndi 320Wh, pa 12V ndi pafupifupi 27Ah usiku umodzi. Batire ikakhala ya 50Ah ndiye kuti usiku uliwonse ikumwedwa kupitirira theka, masana ichajidwe mothamanga osadzaza, madzulo ibwererenso. Miyezi yochepa yafa, msodzi nkumati anandigulitsa yabodza. Onjezani madzi olowa mu bwato, materminal kuchita dzimbiri loyera lija, mawaya olumikiza pongopota ndi manja nkukulunga jumbo. Ndipo pa batire yomweyo ndi pomwe amachajira mafoni awo ndi timawaya topanira pa materminal tija, mumdima, bwato likugwedezeka, kusemphanitsa waya wofiira ndi wakuda sikuchedwa. Foni ija mawa ili pa tebulo la mmisiri.

Komanso mafoni ogwera mmadzi, omwe ndi ntchito yathu yeniyeni palibe angatsutse. Kuno ndi kwa mpunga ndiye aliyense amathamangira kukwirira foni mu thumba la mpunga masiku atatu, akaitulutsa nkuyesa kuyatsa, ikakana nkuyika pa chaja, kenako ndi pomwe amabwera. Pofika nthawi imeneyo bodi yachita kale zobiriwira. Mpunga suchotsa madzi omwe ali pansi pa IC. Chofunika ndi kuzimitsa pompo, kuchotsa batire ngati imachoka, osachaja, kubwera nayo tsiku lomwelo titsegule titsuke ndi isopropyl (spiriti yotsukira bodi) ndi kaburashi tiumitse. Mwayi wathu ndi woti nyanja yathu madzi ake si amchere ndiye ikafika msanga zambiri zimadzuka. Uthenga umenewu ndimauza asodzi nthawi yomwe abwera ndi mababu, chifukwa ndi nthawi yomwe amakhala pansi nkumandimvera. Ndikanakhala wokana mababu sindikanakhala ndi pouzira.

Ndiye ine ndikuti mnyamata wa ku Senga Bay uja musamubweze. Mwina pa gulu lanu lonse ndi iyeyo amene amalandira mafoni amadzi ambiri, tsiku lina mudzafuna nzeru zake.

Wa Mawaya ku Dwangwa

Ndawerenga zonse. Ine ndili mbali ziwiri, ndinaphunzira zamagetsi a mnyumba ndipo mafoni ndinayamba pambuyo, ndiye ndili ndi mantha ena omwe sanatchulidwe bwino.

Sola ya 12V, mababu a kauni, chaja, izi kambiranani palibe vuto, ukalakwitsa chimapsa ndi chipangizo, ngakhale batire nayo ukagundanitsa materminal ndi sipanala imatha kukuwotcha kapena kuphulika ndiye fyuzi pafupi ndi batire musamaiwale. Koma funso likangofika poti ndikufuna inveta ilowe mu mawaya a nyumba, kapena ndikokere moto ku nyumba ya kuseri, kapena changeover (switch yosinthira pakati pa moto wa ESCOM ndi wa inveta) ndilumikize bwanji, pamenepo a mlembi lembani ndi zilembo zazikulu kuti AYI. Imeneyo ndi 230V, imapha, ndipo ntchito yoika mawaya mnyumba ili ndi chilolezo chake chochokera ku MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Ndaonapo munthu atapanga waya wa mapulagi mbali zonse ziwiri, ina mu inveta ina mu soketi ya pakhoma, main switch osazimitsa. Moto ukubwerera ku mzere wa panja komwe wina akhoza kukhala akugwira ntchito akuganiza kuti magetsi azima, ndipo magetsi akangobwera inveta imapsa pomwepo. Munthu ameneyo nzeruyo anaimva pa gulu la anzake, wina anangoti ine ndimapanga choncho zimatheka. Kuopsa kwa funso la kunja kwa ntchito yanu nkomweku, palibe pagulupo amene angadzudzule yankho lolakwika chifukwa nonse simukudziwa. Pa foni wina akanama madala amugwira nthawi yomweyo. Pa 230V amugwira ndani?

Koma ndikufuna ndikufunseni china inu nonse amene mukulimbana ndi sola. Mafunso omwe angakugwetsereni gulu mmavuto si a sola ayi, ndi a foni enieni. Wina akabwera ndi foni yodula akuti mwini wake anaiwala password ndi akaunti ya Google ndithandizeni kudumpha FRP (loko ya Google ija yofunsa akaunti ya mwini wake foni ikafufutidwa), alibe bokosi, alibe lisiti, mwini wakeyo sakuoneka. Kapena mafoni a ngongole aja omwe amatsekeka munthu akapanda kulipira, wina akufuna njira yotsegulira. Kapena kusintha IMEI, nambala yozindikirira foni iliyonse payokha. Malinga ndi lamulo lomwe madala akufuna mafunso amenewa ndi ololedwa chifukwa ndi a foni, pomwe babu ya msodzi ndi yoletsedwa. Apolisi akadzabwera kutsatira foni yobedwa sadzafunsa kuti pa mkumano wanu mumakamba za sola kapena ayi. Ine pa shopu panga foni yotsekeka ndimafuna mwini wake abwere yekha ndi chitupa, ndilembe dzina ndi IMEI mu kope, ija mumaiona mukadina *#06# kapena pa bokosi, akakana ndimamubwezera foni yake. Ena amanyanyala nkupita kwa mnzanga wa pafupi, apite.

Ndiye ngati mukulemba malamulo yambani ndi zimenezi, za usipa zibwere kumapeto.

Chemwali wa pa Benga

Achimwene a ku Dwangwa mwalasa. Ya mapulagi awiriyo ndinaionanso kwa kasitomala wina ndinachita kuthawa mnyumbamo. Ndipo za kope la IMEI tikanagwirizana tonse mboma lonse bwenzi akuba mafoni akusowa kopita, vuto ndi loti mmodzi akakana wina amalandira.

Mlembi wa pa Kamuzu Road

Zikomo nonse, pepala lija layamba kuda tsopano. Zomwe ndalemba pakadali pano ndi izi, mundikonze. Ola loyamba ndi theka ndi la mafoni omwe ali pa tebulo, ndipo wochokera kutali ndiye aziyamba, mnzathu wa ku Chipoka ndamuimbira kale kuti Tecno ija abwere nayo ikhala yoyamba kutsegulidwa. Theka la ola lomaliza ndi la zinthu zomwe zimadyetsa foni moto kapena kuipha, sola yaing'ono, mabatire, mainveta, machaja, nyali za kauni. Za mawaya a mnyumba tizingopereka nambala ya munthu wa chilolezo osayankha. Foni yotsekeka yopanda mwini wake isafike nkomwe pa tebulo. Za Airtel Money ndi Mpamba, za mpira, za usipa, zonsezo pa chiwaya tikamadya tchipisi.

Chomwe chikundivutabe ndi malire a gawo lachiwirilo. Wailesi? Ma speaker a bluetooth aja? Decoder? Laptop? Wina wandiuza kale kuti akubwera ndi mpope wa sola wothirira ku dimba, akuti nawonso ndi wa panelo. Ndikalola babu ndikaniza bwanji mpope? Madala ndikudziwa mukuwerenga, musangokhala chete.

Madala a Blower

Ndikuwerenga a mlembi, ndimadya kaye.

Mayi a pa Benga, nkhani ya foni yobwerabwera chifukwa cha panelo yopanda kontirola ndaivomera, imeneyo ndi ya pa tebulo lathu ndithu, ndipo ndikufuna mudzabwere tsiku lina mudzaifotokoze kwa anyamatawa ndi panelo ndi multimeter padzuwa aone okha 20V ija, transipoti tidzasonkha. Bambo a ku Dwangwa, za FRP ndi IMEI mwanena zoona ndipo zimenezo zilembedwe pamwamba penipeni.

Koma theka la ola lanulo ine ndikulikayikira. Ndikuwadziwa anthu anga. Theka la ola lidzakhala mphindi 45, kenako wina adzati poti ndikuthamangira minibasi ya ku Khombedza ndiloleni ndifunse langa la batire poyamba, inu ndi mtima wanu wabwinowo mudzalola, miyezi itatu tabwerera pomwe tinali. Mwaona kale mpope wafika mkumano usanachitike. Mawa ndi filiji, mkuja ndi njinga yamoto yokana kulira chifukwa nayonso ili ndi batire.

Ngati mukufuna ndivomere pakhale zinthu ziwiri. Wosunga nthawi asakhale inu, akhale munthu wouma mtima amene saopa kudula mkulu pakamwa, ndipo foni yomaliza pa tebulo isanatsekedwe palibe kutchula panelo ngakhale nthawi itakwana. Chinanso, funso la gawo lachiwiri liziyankhidwa ndi munthu mmodzi amene wagwirapo chinthucho ndi manja ake, ena tonse tizikhala chete, akasowa woteroyo funsolo libwerere ndi mwini wake, osati zija zoti ndinamva kuti. Pa mpope yankho langa ndi ayi, mpope suchaja foni ndipo suipha foni. Speaker ndi wailesi za USB zibwere poti pochajira pake ndi pomwepo timawotcherera tsiku lililonse. Laptop tidzakambirane pa mkumano, pali awiri amene amazigwira ndipo ndikufuna ndimve kwa iwo kaye.

Wa ku Chipoka uja muuzeni abwere ndi sikirini ina yoyesera ngati ali nayo, ndipo asaiwale kuchaja batire. Ikuyaka koma mdima nthawi zambiri ndi backlight, nyali ya kuseri kwa sikirini, tidzayamba kuunika ndi tochi pa galasi tione ngati zithunzi zikuoneka pansi.